Za nkhalango za ku Brazil ndi ku Congo

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Brazil ndi DR Congo ndani watha kwambiri nkhalango zachilengedwe, zija zosadulidwapo chiyambire. Ngati mukungofuna dzina, ndi Brazil, ndipo alibe mnzake. Koma kayendedwe ka maiko awiriwa pa zaka 20 zapitazi n'kosiyana, ndipo nkhani yagona pamenepo.

Ku Brazil chiwerengero chimakwera n'kutsika ngati mitengo ya fodya ku Chinkhoma. Mu 2004 bungwe lawo la INPE, lomwe limayang'ana nkhalango ndi masetilaiti, linapeza kuti ku Amazon kunadulidwa malo oposa masikweya kilomita 27,000 m'chaka chimodzi chokha. Tengani Kasungu National Park yathuyi muiyale kakhumi, simunafikebe. Boma litakhwimitsa malamulo, pofika 2012 chiwerengerocho chinali chosakwana 5,000. Nthawi ya pulezidenti Bolsonaro chinakweranso mpaka pafupifupi 13,000 mu 2021, ndipo Lula atabwereranso pampando wa upulezidenti mu 2023 chinatsika. Chimatero chifukwa odula kwambiri kumeneko ndi ofuna malo aakulu owetera ng'ombe ndi kulima soya. Anthu otero amaopa chindapusa, amaopa kumanidwa ngongole kubanki. Boma likatsinzina amalowa m'nkhalango, likadzuka amabwerera.

Ku Congo kulibe zimenezo. Kwakhala kukukwera pang'onopang'ono, ndipo zaka zaposachedwazi akutaya pafupifupi mahekitala 500,000 (masikweya kilomita 5,000) pachaka. Odula ambiri ndi alimi ang'onoang'ono otsegula mphanje ndi nkhwangwa, komanso owotcha makala opita ku Kinshasa ndi mizinda ina komwe magetsi ndi osadalirika. Ndipotu ngakhale mu Chilingala cha ku Congo amati makala, mawu omwewa. Ndiye mulipiritsa ndani chindapusa? Mayi amene akufuna kuphika nyemba pambaula?

Ine ndikaona za ku Congo ndimaona kwathu. Tili ana, kuseri kwa mudzi wathu tinkatola masuku mpaka thumba kudzaza, bowa wake osanena. Mitengo ija inathera m'zigafa ndi m'mabani ochizira fodya, yotsalayo inakwera njinga m'matumba a makala kulowera kumsewu wa M1. Palibe tsiku limene tinaona thalakitala ikugwetsa nkhalango. Aliyense ankangodula umodzi, uwiri. Lero mitengo ikuluikulu yatsala kumanda kokha, poti kumeneko munthu salowa ndi nkhwangwa mfumu isanalole.

Chenjezo limodzi mukamafufuza nokha pa Global Forest Watch, tsamba la pa intaneti lowerenga nkhalango za padziko lonse: gawo la nkhalango zosadulidwapo limawerenga nkhalango zowirira za m'madera a mvula yambiri. Mitengo yathu ya mombo ndi msuku yambiri simalowa m'gawo limenelo, choncho mukaona Malawi ali ndi kachiwerengero kakang'ono musati tili bwino. Komanso kawerengedwe kawo n'kosiyana ndi ka INPE, chifukwa iwo amaphatikiza ndi zopsa ndi moto. Musasakanize manambala a awiriwa patebulo limodzi, mungakangane ndi anthu pachabe.