Ankakhoza bwino kumudzi, kuno ku Joni wangoti zii

Mayi wina wa ku Turffontein wandilembera za mwana wake wamkazi wa zaka 15. Mtsikanayu anamaliza Folomu 1 pa CDSS ina ku Ntcheu, kumene ankakhala ndi agogo ake, ndipo ankakhala m'gulu la otsogola m'kalasi. Chaka chino ali Giredi 9 kuno ku Johannesburg. Malikisi atsika, ndipo akaweruka amangodzitsekera m'chipinda. Mayiwo akufunsa ngati kuli bwino kumubweza kumudzi.

Mayi, musafulumire. Nzeru za mwana wanu sizinatsale ku Ntcheu. Mbande ikangowokeredwa imayamba yafota, ndipo zimene mukuonazi n'zomwezo.

Taganizirani mmene tsiku lake linkayendera kumudzi. Ankapita kusukulu wapansi ndi anzake amene anakula nawo, akufunsana za mayeso m'njira. Phunziro likavuta, aphunzitsi ankaponyamo Chichewa pang'ono n'kumveka. Chingelezi cha kuno n'chothamanga, katchulidwe n'kachilendo, ndipo nthawi yopuma anzake amacheza m'Chizulu kapena Chisutu. Mwana woteroyo amasankha kukhala chete kuopa kusekedwa, makamaka ngati wamvapo kale mawu onyoza anthu obwera. Ena amafika pobisa kuti ndi Amalawi. Mumufunse za zimenezi mofatsa, nthawi imene simukukamba za lipoti.

Kaphunziridwe nakonso n'kosiyana. Kwathu mwana amazolowera kukopera manotsi pabolodi n'kudikira mayeso a kumapeto kwa teremu. Kuno ntchito zolemba kunyumba, zofufuza pa intaneti ndi zokayankhula kutsogolo kwa kalasi zimalowa m'malikisi a chaka chonse. Mwana wakhama amatha kutaya malikisi ambiri chabe chifukwa palibe anamuuza zimenezi.

Pali chinthu chimene makolo ambiri sachidziwa, ndipo chimandiwawa chifukwa chimagwetsa ana opanda chifukwa. Sukulu za kuno zimafuna ziyankhulo ziwiri, kawirikawiri Chingelezi ndi Afrikaans kapena Chizulu. Mwana wanu akulimbana ndi chiyankhulo chimene anzake anayamba ali aang'ono. Koma malamulo a matric, mayeso omaliza sekondale a Giredi 12, amalola mwana wochokera kunja, amene anayamba sukulu ya kuno ali Giredi 7 kapena kupitirira apo, kulemba chiyankhulo chimodzi chokha cha boma n'kutenga phunziro lina m'malo mwa chachiwiricho. Zimenezi sizichitika zokha, zimachita kupemphedwa kudzera kusukulu. Pitani mukaonane ndi ahedi chaka chino, mutatenga malipoti ake a ku Malawi ndi chiphaso chake chobadwira. Ngati mapepala ena sanakwane, musabisale: mu 2019 khoti lalikulu mumzinda wa Makhanda kuno ku South Africa linagamula kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Komabe londolani mapepalawo msanga mwanayo asanafike Giredi 12.

Kumapeto kwa Giredi 9 adzasankha maphunziro amene adzapite nawo mpaka matric. Apa mukhale tcheru. Mwana amene malikisi ake atsika amakankhiridwa mosavuta ku Mathematical Literacy, masamu opepukirapo a tsiku ndi tsiku. Phunziroli lili ndi ntchito yake, koma za udokotala ndi uinjiniya kuyunivesite zimafuna Mathematics. Ngati masamu ankawatha ku Ntcheu, mupezereni womuthandiza panopa, ngakhale mwana wa Giredi 12 wa kutchalitchi kwanu, kuti chaka chimodzi chovuta chisamutsekere khomo.

Nanga kumubweza? Sindikunyoza sukulu za kumudzi, zatulutsa aphunzitsi ndi anamwino ambiri. Koma kumbukirani kuti ma CDSS ambiri alibe labu ndi mabuku okwanira, mtunda ndi wautali, ndipo mtsikana wochita lendi pafupi ndi sukulu popanda womuyang'anira amakumana ndi zoopsa zake. Komanso chaka cha sukulu ku Malawi chimayamba mu Sepitembala pamene kuno chimayamba mu Januwale, choncho kusamuka kulikonse kumamudyera miyezi. Akabwerera akalowa Folomu 2, kalasi ya mayeso a JCE, atasiyana ndi silabasi ya MANEB kwa nthawi yaitali. Ndi ana obadwira kuno amene amatumizidwa kumudzi kuti "akawongoke" zimavutanso chimodzimodzi: kutunga madzi, Chichewa cholemba, ndi mtima womva ngati atayidwa.

Ine ndikuti mulekeni amalize chaka chino. Muziimbira agogo ake ndi anzake akale pa WhatsApp kuti azicheza nawo. Mulimbikitseni kulowa kwaya kapena netibo kusukulu, chifukwa mnzake mmodzi yekha amasintha zambiri. Mukafika Disembala iye akulirabe kwawo, khalani naye pansi musankhe limodzi, ndipo kumene mwasankhako akakhale mpaka atalemba matric kapena MSCE.