Za ma HP a pampu zija, musanalipire mundimve kaye

Achimwene, mwafunsa zoti mugule pampu yothirira ya 5.5 HP kapena ya 7 HP (HP ndi horsepower, muyezo wa mphamvu ya injini). Wogulitsa amene wakuuzani kuti pampu ya 7 HP ili ndi mphamvu za mahatchi 7 ameneyo ndi m'bale wake wa munthu amene anandidyera ndalama zanga za soya pa Mchinji boma, mawu ake omwewo ndithu, ine anachita kumenya thanki ya injini ndi chikhatho amvekere bwana apa mwagula mahatchi sikisi ndi hafu, madzi afika kulikonse mukufuna. Hatchi yoti iyeyo sanayikwerepo, kaya anayiona kuti.

Dimba langa lili m'mbali mwa Bua koma malo ake ndi okwera, madzi amayenera kukwera kachitunda kenako ayende mtunda ndithu asanafike pa tomato. Inali September dzuwa likuswa mtengo, tomato ali pa maluwa, aganyu ndawaitana kale akudikira ndi makasu kuti azitsegula mizere, ndaliza injini ija ikulira mochititsa kaso anthu a madimba oyandikana nawo mpaka kubwera kudzaonerera. Madzi kutuluka kumapeto a paipi ngochepa zomvetsa chisoni, oti sangadzaze ndi ndowa yomwe pa nthawi yabwino. Ndakweza giya mpaka kumapeto, injini yatentha yoti sungayigwire, fungo la oyilo wopserera, petulo akungotha, paipi yaphulika polumikizira pafupi ndi mtsinje madzi onse kubwerera m'Bua momwemo. Agogo ena amene amathirira ndi makeni moyo wawo onse anangoti mwana wanga mahatchi ako aja atopa, anthu onse gwa nkuseka. Sabata imeneyo maluwa anayoyoka ndikuona ndi maso angawa. Chinapulumutsa ndime yotsalayo ndi ngolo ya malume, ng'ombe ziwiri basi zikukweza madiramu a madzi pa chitunda chomwecho kuyambira m'mamawa. Nditabwerera ku shopu mkulu uja akuti katundu wothiridwa mafuta sabwezedwa, lisiti analiyang'ana ngati si dzanja lake linalemba, kenako nkumandifunsa kuti munayeza kutalika kwa malo anu? Pogulitsa paja bwanji sanandifunse zimenezo. Mpaka lero ndikamudutsa mtima umandiwawa, anthu ngati amenewa angotengera mwayi poti ife alimi timalipira kashi tikangogulitsa mbewu.

Nkhani ya hatchiyo ili chonchi. Muyezo umenewu anaukhazikitsa ndi James Watt wa ku Scotland cha m'ma 1780, iyenso anali pa malonda omwewa, amagulitsa ma injini a nthunzi kwa anthu amene amagwiritsa ntchito mahatchi pozunguza zigayo ndi kupopa madzi m'migodi, ndiye amafuna kuwauza kuti injini yake ilowa m'malo mwa mahatchi angati. Anawerengera kuti hatchi yogwira ntchito imakweza mapaundi 33,000 kutalika phazi limodzi pa mphindi imodzi, pa magetsi ndi ma watt 746. Mwachidule ingoganizani thumba limodzi ndi theka la chimanga, makilo 75, kulinyamula mita imodzi m'mwamba pa sekondi iliyonse osapuma, imeneyo ndiye pafupifupi 1 HP. Koma Watt amanena za hatchi imene ikugwira ntchito tsiku lonse pang'onopang'ono. Hatchi yomweyo ikadzidzimuka kapena ikakoka ndi mtima onse kwa masekondi ochepa imafika pafupifupi 15 HP, asayansi anawerengera zimenezi mu 1993 pogwiritsanso ntchito zotsatira za mpikisano wa mahatchi okoka katundu wa ku Iowa ku America m'ma 1920. Ngakhale munthu wamphamvu amadutsa 1 HP kwa kanthawi kochepa, koma pa ntchito ya tsiku lonse amangotulutsa cha m'ma 0.1.

Ndiye onani pamene pali chinyengo. Kwa hatchi 1 ija ndi mphamvu yake ya masiku onse, ili ndi ina yambiri yosunga ikafika pokwera. Kwa injini 7 yolembedwa pa sitika ija ndi pamapeto penipeni, ikuthamanga 3,600 rpm (kuzungulira ka 3,600 pa mphindi imodzi), yatsopano, yoyesedwa malo otsika, ilibe china chosunga. Kuno kwathu tili pamwamba kupitirira mamita 1,000, mpweya ndi wopepuka, injini ya petulo imataya cha m'ma 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera, ndiye musanathire ndi madzi omwe gawo limodzi mwa magawo 10 lapita kale. Chotsaninso zotayika mu pampu mwenimwenimo ndi m'mapaipi. Ng'ombe imodzi ya pangolo pa ntchito ya tsiku lonse siyikwana ndi 1 HP yomwe, koma ikafika pa chitunda imatsamira pa goli nkukoka, injini ikalemedwa imangotsika mawu nkuzima.

Ndiye inu musamvere za mahatchi. Funsani kaye head, kutanthauza kutalika kumene pampu ingakweze madzi m'mwamba, yalembedwa pa kachitsulo ka pampuyo kuti max head, malire ake enieni, ndi mamita angati, ndipo dziwani kuti pa max head pamenepo madzi otuluka amakhala ziro, mukufunika malo anu akhale pansi pa nambala imeneyo kwambiri. Pampu muyiike pafupi ndi madzi chifukwa kukoka siyidutsa mamita 7 kapena 8 olo itakhala ya ma HP angati, ntchito yake yeniyeni ndi kukankha. Paipi ikakhala yaitali gulani yotakata, yopyapyala imadya mphamvu. Pitani ndi makaniki wanu wanu osati wa pashopu pomwepo, ndipo mugwirizane pa pepala kuti ikalephera pamunda mubweza.

Ng'ombe zija ndazitama koma musadalire zimenezo aise, pofika sabata yachiwiri zinali zitaonda malume anayamba kundiyang'ana ndi diso loipa. Ndipo pakati pa ya 5.5 ndi ya 7 imene mukunenayo tengani ya 7 yomweyo, ngati thumba likulola pezani ya dizilo yokulirapo, ine ndi imene ndikusungira ndalama chaka chino.