Damper ya chiwongolero: mbali yonenepa iloze kuti?

Achimwene, mwafunsa kuti pomanga steering damper yatsopano (shock yochepetsa kugwedezeka kwa chiwongolero) pa thiraki yanu, mbali yonenepa ija ipite ku axle kapena ku tayirodi, chitsulo cholumikiza matayala akutsogolo kuti azikhotera limodzi. Musadandaule nazo kwambiri. Damper ya chiwongolero imapangidwa kuti izilimba mofanana poikoka ndi poikankha, zomwe amakanika amati 50/50, choncho kuitembenuza sikuichotsera mphamvu. Tsatirani pepala lomwe linabwera m'bokosi, ndipo ngati mulibe, imangeni mmene inakhalira yakale. Pa magalimoto ambiri mbali yonenepa imagwira pomwe sipasuntha, pa axle kapena pa chasisi, ndodo yonyezimira n'kupita ku chitsulo chomwe chimayenda mukamakhota. Koma alipo ena omwe n'zosemphana, ndiye musakopere za thiraki ya mnzanu.

Chofunika kuposa pamenepo n'kudziwa mtundu wa damper yomwe mwagula. Ngati ndi ya mafuta, ya machubu awiri, iyang'anitsitseni thupi lonse. Zina zimakhala ndi muvi kapena mawu akuti TOP, ndipo mbali imeneyo iyenera kuyang'ana kumwamba, apo ayi mpweya umalowa pomwe payenera kukhala mafuta okhaokha. Zikatero imayamba yayenda pang'ono yopanda mphamvu isanagwire. Mabulaketi akakhala kuti akuipendeketsa, mbali ya ndodo ndi yomwe ikwere. Musanaimange, igonekeni mmene ikakhalire pa galimoto, muikoke ndi kuikankha kangapo mpaka izilimba kuyambira poyamba mpaka pothera. Ndipo chonde, shock wamba ya ku matayala musaiike pamenepa ngakhale kutalika kutafanana. Ija imalimba kwambiri pokoka kusiyana ndi pokankha, komanso zambiri sizinapangidwe kuti zizigwira ntchito chogona.

Ikakhala ya gasi, ya chubu chimodzi ngati Bilstein 5100, ingathe kukhala mulimonse chifukwa gasi ndi mafuta zimalekanitsidwa ndi pisitoni mkati. Vuto lake ndi lina: ndodo imadzikankha yokha kutuluka, moti pa thiraki zina mumamva chiwongolero chikukokera mbali imodzi pang'ono. Kuitembenuza pa mabulaketi omwewo sikuthetsa zimenezi, pakuti imakhalabe ikukankha malo awiri omwewo kuti atalikirane. N'chifukwa chake omanga ziwiri amaziyang'anitsana, kuti ina izibweza mphamvu ya inzake.

Pomwe anthu ambiri amaonongera damper ndi apa. Imikani thiraki pamalo osalala, matayala ataloza kutsogolo bwinobwino. Yezani damper itatuluka yonse, muiyezenso italowa yonse, ndipo pakati pa miyezo iwiriyo ndi pomwe iyenera kukhala mukamamanga kilampu yoigwirizira ku tayirodi. Mwachitsanzo, ngati ndodo imayenda masentimita 20, 10 akhale kunja. Kenaka wina akhale pa chiwongolero, akhote mpaka pothera kumanja, akhotenso mpaka pothera kumanzere, inu muli pansi kuyang'ana. Galimoto iyenera kusiya kukhota chifukwa cha ma stop ake (tizitsulo toletsa matayala kukhota mopitirira), osati chifukwa damper yathera. Ikamathera msanga mumakhota mokwanira mbali imodzi yokha, ndipo pampu ya power steering ili ndi mphamvu zokwanira kupinda ndodo kapena kuthyola bulaketi. Pomwepo onani ngati mabawuti a kilampu sakukhula chivundikiro cha difu kapena track bar (chitsulo choletsa axle kusunthira m'mbali), mukumbukirenso kuti galimoto ikamenya bampu mipata ija imachepa.

Kabowo ka pa labala yotchinga ndodo kayang'ane pansi kuti madzi azituluka, ndipo ndodoyo musaigwire ndi pulayala, kakala kamodzi kokha kamadya silo yotsekera mafuta, mafutawo n'kuyamba kudontha.

Koma ngati mwagula damperyi chifukwa kutsogolo kumanjenjemera mukamenya dzenje muli pa liwiro, yambani mwagwedeza mabushi a track bar, ma ball joint ndi mitu ya tayirodi, mukabalansitsenso matayala. Damper yatsopano imangobisa kunjenjemerako kwa kanthawi, zitsulo zotha zija zikupitiriza kudyeka.