Yankho: kuyeza dothi la pa yadi ku Chowa, Kabwe

Achemwali, mwafunsa za kuyeza dothi la pa yadi yanu ku Chowa musanadzale ndiwo zamasamba. Musadzale kaye ndiwozo, tengani dothi mukayezetse ku labu ndipo mukanene mosabisa kuti mukufuna ayeze mtovu uja amati lead. Tizipangizo ta ku agro dealer timangoonetsa pH (kuchuluka kwa asidi mu dothi) ndi chakudya cha mbewu basi, mtovu sitiuona olo pang'ono. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likadali mu dothi la Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo mtovu suwola.

Katengedwe kake ndi komwe anthu amalakwitsa. Tapani malo asanu kapena kuposa, posewerera ana tengani lapamwamba penipeni, pa dimba kumbani mpaka masentimita 15 kapena 20, koma awiriwa musawasakanize. Gwiritsani sipuni ya pulasitiki, yanikani pa mthunzi, ikani mu jumbo yatsopano nkulembapo malo ake. Ine ndinaona ntchitoyi ikuchitika ndi kamakina kam'manja ka XRF koyeza zitsulo mu dothi, kamapereka nambala pompopompo koma dothi likakhala lonyowa kamawerenga zochepa ndiye munthu umalimba mtima pachabe, nchifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri za ku labu komwe amasungunula dothilo mu asidi nkuyeza ndi makina a mu labu otchedwa AAS kapena ICP. Chinanso, pa yadi imodzimodziyo kufupi ndi ngalande nambala imatha kukwera kuposa pakhonde.

Zotsatira zikatuluka musazimasulire nokha, funsani a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe ku Zambia, kapena alangizi a zaulimi. Ndipo ngati pali ana ang'onoang'ono kapena mayi woyembekezera pakhomopo, pitani kuchipatala akayezedwe mtovu m'magazi, izi musadikire za dothi ayi.