Kodi mapapo amasungidwa bwanji akachotsedwa m'thupi?

FUNSO: Akonzi, ndinamva kuti kumayiko ena madokotala amachotsa mapapo a munthu amene wangomwalira kumene n'kukawaika mwa wodwala wina. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti, kodi amawasunga bwanji kuti asawonongeke asanafike kwa wodwalayo?
Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Njira yakale, imene ikugwirabe ntchito m'zipatala zambiri, ndiyo kuwaziziritsa. Madokotala amatsuka mitsempha ya mapapowo ndi madzi apadera ozizira, amawauzira mpweya pang'ono n'kutseka njira yake kuti asafwafwantike, kenako amawakulunga m'matumba n'kuwaika m'bokosi la madzi oundana, pa madigiri pafupifupi 4. Kuzizirako kumachedwetsa kuwonongeka, koma sikukuletsa, choncho kwa zaka zambiri madokotala ankayesetsa kuti pasadutse maola 6 mpaka 8 mapapowo asanalumikizidwe m'chifuwa cha wodwala.

Koma vuto lalikulu silinali la nthawi yokha. Mapapo ndi chiwalo chosachedwa kuvulala: munthu akakhala pa makina opumira asanamwalire, mapapo ake amatha kudzaza madzi, kugwidwa ndi tizilombo, kapena kulowedwa ndi zam'mimba. Mapapo akangoti zii m'bokosi palibe njira yowayezera, ndiye dokotala akakayika amangowakana, poopa kupha wodwala wake. N'chifukwa chake pa mapapo asanu alionse operekedwa, amodzi okha ndi amene ankagwiritsidwa ntchito.

Amene anatsegula njira ina ndi Stig Steen wa ku Lund m'dziko la Sweden, yemwe mu 2001 anafalitsa zotsatira za opaleshoni imene anayamba wayeza mapapo ali kunja kwa thupi. Gulu la Shaf Keshavjee ndi Marcelo Cypel pa chipatala cha Toronto General ku Canada linaikonza njirayi, imene imadziwika ndi dzina lakuti EVLP, n'kuyamba kuigwiritsa ntchito pa odwala mu 2008.

Mukanaima m'chipinda cha opaleshoni pamene akugwiritsa ntchito njirayi mukanaona mapapo ali pansi pa chivindikiro choonekera mkati, akufufuma ndi kuphwa ngati ali m'chifuwa cha munthu wamoyo. Makina ena amawapumitsa, pamene pampu imayendetsa m'mitsempha yake madzi okhala ndi zakudya, amene amatenthetsedwa pang'onopang'ono kufika madigiri 37. Nzeru yagona apa: madziwo amayamba achotsedwa okosijeni asanalowe, motero akatuluka ali ndi okosijeni wambiri, ndiye kuti mapapowo akugwira ntchito yake. Kwa maola 4 mpaka 6 madokotala amawajambula, amasuzumira m'njira za mpweya, ndipo nthawi zina amawapatsa mankhwala opha tizilombo. Mu 2011 a ku Toronto anafalitsa zoti odwala 20 amene analandira mapapo okayikitsa oyezedwa motere anachira mofanana ndi amene analandira mapapo abwino kuyambira pachiyambi. Kunena zoona, makinawa ndi okwera mtengo ndipo amafuna akatswiri awoawo, choncho si chipatala chilichonse choika mapapo chimene chili nawo.

Ngakhale kuziziritsa komweko kwasintha. Ofufuza a ku Toronto anapeza kuti madigiri 10 amasunga mapapo bwino kuposa madzi oundana, chifukwa kuzizira kopitirira muyezo kumavulaza maselo. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2023, mapapo ofika usiku ankasungidwa m'firiji yotere, ndipo opaleshoni inkayamba m'mawa madokotala atagona n'kupumula.