Musanatsitse mtengo wa nyumbayo, yezani kaye chomwe chidzabisike

Amayi, funso lanu ndalimva motere: mwaikonzanso nyumba yanu ya ku Nyambadwe, matailosi, siling'i ndi khitchini zonse zatsopano, khonde loyang'ana phiri la Ndirande mwalikuza, ndipo mukufuna kuigulitsa. Koma pa poloti ya kumunsi kwanu atsitsa mchenga ndi kwale, ayamba kukumba. Ndiye mukufunsa ngati muigulitse msangamsanga ogula asanazindikire, kapena mudikire amalize.

Ndiyambe ndi chowawa. Lamulo silikupatsani umwini wa zomwe maso anu amaona mukakhala pakhonde. Malamulo athu a malo ambiri anachokera ku England, ndipo kumeneko nkhaniyi inagamulidwa kalekale: mnansi akamanga movomerezeka pamalo ake n'kukubisirani phiri kapena nyanja, mlandu palibe. Zimasintha pokhapokha ngati pali pangano lolembedwa pa title (chikalata cha umwini) ya poloti yakeyo loletsa kumanga kupitirira msinkhu wakutiwakuti. Lamulo la kalembera wa malo, Registered Land Act, limalola mapangano otere, koma mapoloti omwe ali nawo ndi owerengeka. Choncho mawu oti "anditsekera phiri" asakhale mutu wa kalata yanu ku khonsolo, akaiwerenga n'kuiika pambali.

Chomwe chimagwetsa mtengo kwambiri si phiri lobisikalo ayi, ndi kusadziwa. Wogula akaona dzenje ndi mulu wa zitsulo kuseri kwa mpanda, m'mutu mwake amamangamo mafulati osanja kanayi, mtengo n'kudula molingana ndi mafulati a m'mutuwo. Mwina mnansiyo akumanga nyumba wamba yapansi yomwe denga lake silidzafika n'komwe pakhonde lanu. Ntchito yanu ya sabata ziwiri zikubwerazi ndi kupeza manambala enieni.

Yambani ndi mwini polotiyo. Pitani mukam'patse moni monga mnansi, mumuuze kuti mukugulitsa, mupemphe kuona pulani. Ambiri sakana. Papulanipo musatayepo nthawi pa zipinda, yang'anani tsamba loonetsa nyumbayo chakumbali, pomwe alemba kutalika kuchoka pansi kufika pansonga ya denga, ndi tsamba loonetsa pomwe nyumbayo ikhale m'polotimo. Onaninso ngati pali chidindo cha khonsolo ya mzinda wa Blantyre. Akakana, pitani ku dipatimenti ya mapulani ya khonsoloyo ku Civic Centre ndi nambala ya poloti yakeyo, mukafunse ngati pali chilolezo, cha nyumba yanji komanso yosanja kangati. Pansi pa Physical Planning Act ya 2016 munthu samanga popanda chilolezo, ndipo kusintha poloti ya nyumba imodzi kukhala ya mafulati kapena malo ogona alendo kumafuna chilolezo chakechake.

Pamalopo pamayankhulanso. Ngalande zazitali zosaya zotsata makoma nthawi zambiri ndi maziko a nyumba yapansi. Maenje akuya a makona anayi otalikirana mamita atatu kapena anayi, momwe mwaima zitsulo zonenepa za Y16, ndi mapilala onyamula silabu, kutanthauza nyumba yosanja. Akathira silabu n'kusiya zitsulo zitatulukira pamwamba, dziwani kuti akufuna kudzapitiriza, kaya chaka chino kaya patapita zaka zisanu. Anyamata okumba musawadalire kwambiri, iwo amadziwa za ganyu ya sabata imeneyo basi.

Tsopano kuyeza. Apa mpomwe ambiri amangoganizira, chonsecho ndi ntchito ya tsiku limodzi ndi mmisiri mmodzi, tepi, paipi ya levulo yoonekera mkati ija, nsungwi ziwiri zazitali ndi chingwe.

Mufunika manambala atatu. Loyamba, kutalika kwa nyumba ikubwerayo. Nyumba yapansi mpaka pansonga ya denga imakhala mamita 4.5 kapena 5, yosanja kamodzi 7.5 kapena 8, ndipo nsanjika iliyonse yowonjezera imaikapo pafupifupi mamita atatu. Lachiwiri, kutsika kwa malo ake poyerekeza ndi pansi pa khonde lanu: mmisiri ayeze ndi levulo, potsetsereka azitsika pang'onopang'ono n'kumaphatikiza. Lachitatu, mtunda kuchoka pomwe mumakhala kufika pomwe padzakhale nsonga ya dengalo.

Tiyerekeze nyumbayo ndi ya mamita 8, malo ake ndi otsika ndi mamita 3, mtunda ndi mamita 20. Nsonga ya denga idzakhala mamita 5 pamwamba pa simenti ya khonde lanu. Munthu wokhala pampando diso lake limakhala pa mita 1.2, ndiye dengalo lidzapitirira diso ndi mamita 3.8. Simukufunika kulowa m'poloti ya eni. Ngati mpanda wanu uli pa mamita 10, theka la mtunda uja, tengani theka la 3.8, lomwe ndi 1.9, muphatikize ndi 1.2 uja. Zikani nsungwi ziwiri m'mphepete mwa mpanda, mumange chingwe pa mamita 3.1 kuchokera pa levulo ya khonde, osati kuchokera pansi pomwe nsungwi zazikidwa, apa mpomwe anthu amalakwitsa. Nsungwizo ziime molunjika malekezero awiri a nyumba ikubwerayo monga mukuonera muli pampando. Kolekani zitenje pachingwepo, bwererani mukakhale pansi. Chomwe zitenje zabisa ndi chomwe chidzapite, chomwe chikuoneka pamwamba ndi m'mbali ndi chotsala. Jambulani muli chokhala, muli choimirira, komanso muli pawindo la chipinda chachikulu. Nthawi zambiri zimapezeka kuti chotsekedwa ndi chigwa ndi tsinde la phiri, nsonga n'kumaonekabe. Nthawi zina phiri lonse limapita. Zonse ziwiri ndi bwino kuzidziwa musanaike mtengo.

Muli pomwepo onani zina zomwe wogula wochenjera amaziopa kuposa phiri. Mawindo a m'mwamba a mnansi adzayang'ana pati, pakhonde, kubafa kapena pabwalo la ana? Mthunzi udzagwera pati? Kwathu kuno m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo ku Blantyre mu June masana nyumba ya mamita 8 imaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 6.5 chakummwera, m'mawa ndi madzulo wautali kuposa apo. Ngati muli ndi masola kapena giza yadzuwa mbali imeneyo, yezani.

Koma choopsa chenicheni ndi kukumba. Womanga kumunsi amadula mtunda kuti apeze malo osalala, ndipo akadula pafupi ndi malire osamanga khoma lotchinga dothi, mvula yoyamba mpanda wanu umayamba ming'alu n'kupendekera kwawo. Apa lamulo lili mbali yanu, mnansi saloledwa kukumba mogumula nthaka yanu. Jambulani mpanda wonse lero lomwe, zithunzi zokhala ndi tsiku, ndipo mufunse ngati papulani pali khoma lotchinga lokhala ndi mabowo otulutsira madzi. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, wogula nyumba yapamtunda mu Blantyre amayamba wafunsa za madzi ndi dothi asanafunse za matailosi.

Mukapeza kuti akumanga popanda chilolezo, kapena zosiyana ndi pulani, lembani kalata ku khonsolo yotchula zinthu zogwirika: kusanja kopitirira chilolezo, kumanga moyandikitsa kumalire, mafulati pa poloti ya nyumba imodzi, ngalande za madzi. Khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito, ma X ofiira pamakoma aja mumawadziwa. Koma ganizani kawiri. Chigoba choimitsidwa chimatha kukhala zaka chili chomwecho, udzu utamera pasilabu, ndipo wogula amachiopa kuposa nyumba yomalizidwa bwino. Komanso palibe amene amafuna kugula mkangano wa anansi.

Za kugulitsa mwakachetechete, ine ndikuti ayi. Inde, wogula ali ndi udindo wofufuza yekha, koma mukanena bodza lomukopa, monga kuti "apa sipadzamangidwa chilichonse", kapena kuika pa Facebook kuti phiri lidzaoneka mpaka kalekale pomwe pulani munaiona, angathe kukutengerani kukhoti kuti malonda athetsedwe kapena mum'lipire. Zomwe wanena wokugulitsirani m'dzina lanu zingakugwereninso, ndiye samalani ndi madobadoba olonjeza chilichonse kuti apeze yawo. Ndipo kubisako sikugwira n'komwe. Wogula wa ngongole ya kubanki amabwera ndi wowerengera mtengo wotumidwa ndi banki, yemwe amasuzumira kuseri kwa mpanda. Akaika mtengo wotsika, banki imabwereketsa potengera mtengo wakewo, wogula n'kuperewera ndalama, malonda n'kufa patatha miyezi itatu inu mutabweza ogula ena.

Njira yabwino ndi kukonza tsamba limodzi: chomwe chikumangidwa, kutalika kwake, ngati chili ndi chilolezo, ndi zithunzi za zitenje zija. Aliyense wobwera kudzaona nyumba mumupatse asanafunse, ndipo loya wanu aike chiganizo mu pangano la malonda choti wogula wauzidwa za ntchito ya pa poloti nambala yakuti ndipo wavomera. Pa chilengezo tsogozani zomwe mnansi sangazichotse, monga kukula kwa poloti, title yopanda ngongole, thanki ya madzi, mawaya atsopano ndi denga losadontha. Phiri libwere pambuyo.

Pa mtengo, lembani ntchito wowerengera mtengo wolembetsedwa, mum'patse zomwe mwayeza, mumupemphe manambala awiri: nyumba monga ilili lero, ndi monga idzakhalire mnansi akamaliza. Tiyerekeze wanena K250 miliyoni ndi K235 miliyoni. Kusiyana kwa K15 miliyoni kumeneko ndiwo malire a zokambirana. Wogula akafuna kudula K50 miliyoni chifukwa cha mantha, mumuonetse pepala. Musaphatikize malisiti onse a zokonza n'kuwaika pamwamba pa mtengo wakale, msika sulipira choncho. Denga, mapaipi, magetsi ndi mabafa zimabweza ndalama yochuluka, koma khonde lomwe munalikuza chifukwa cha phiri ndi lomwe lingabweze zochepa. Malisitiwo asungeni ndithu, ndi umboni wa ntchito. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho mitengo ya nyumba zomwe zinagulitsidwa izi zisanachitike siyoyerekezera nayo.

Nthawi yogulitsa ikutengera zomwe chingwe chija chaonetsa. Ngati ndi nyumba yapansi kapena chotsekedwa ndi chochepa, gulitsani panopa, umboni uli m'manja. Ngati phiri lipita lonse ndipo ndalama mukuifuna chaka chino, gulitsaninso panopa pa mtengo wachiwiri uja, makoma asanakwere. Nthawi yoipitsitsa ndi ya pakati, pomwe pali mapulanga ochirikiza silabu, fumbi la simenti pamatailosi atsopano ndi malole pageti. Ngati simuli pachangu ndipo mnansi ali ndi ndalama zomalizira, mutha kuika munthu wa lendi kwa chaka n'kudzagulitsa zonse zitaoneka. Kungoti nyumba zambiri m'tauni muno zimamangidwa modukizadukiza, ndalama ikapezeka, ndiye chaka chimodzi chimasanduka zinayi, ndipo wa lendi amaikalambitsa khitchini yatsopanoyo. Mukamaonetsa nyumba ntchito ili mkati, sankhani Lamlungu kapena madzulo amisiri ataweruka, koma tsamba lija muperekebe.

Pali china chotchipa chomwe ambiri sachiyesa. Maziko asanathiridwe, mnansi atha kuvomera kusintha pang'ono, monga kutsitsa kupendekeka kwa denga, kuika thanki yake mbali ina, kapena kuika galasi losaonekera mkati pamawindo oyang'ana kwanu. Kutsitsa denga ndi mita imodzi pa mtunda wa mamita 20 kumatsitsa chingwe chija ndi theka la mita, ndipo mwina nsonga ya phiri ili mu theka limenelo. Mukagwirizana, loya alembe ndipo pangano lilembetsedwe pa title, apo ayi likhoza kuthera pa inu awiri, wogula wanu osapindula nalo.

Musaiwale kusesa kwanu komwe. Loya wa wogula akayamba kufunsa za pulani ya mnansi, amafunsanso yanu. Ngati munakuza khonde kapena kuwonjezera chipinda popanda kudutsa ku khonsolo, konzani zimenezo tsopano. Lipirani city rates ndi ground rent, chitani search ku ofesi ya za malo kuti muone ngati ngongole yakale ya kubanki inafufutidwa pa title, ndipo ngati poloti ndi ya lease yambani msanga kupempha chilolezo chosinthira umwini kwa mwini nthaka, kaya ndi boma kaya Malawi Housing Corporation. Pamafunikanso tax clearance ya ku MRA, chikalata chosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Dipoziti ya wogula ikhale ku akaunti ya loya mpaka mapepala onsewa atatuluka.