Chifukwa chiyani sampulo ikumwazika m'kangalande ka chipu?

Wowerenga wina, amene amalekanitsa mamolekyu ndi magetsi pa chipu (kachipangizo kakang'ono kokhala ndi tingalande todutsamo madzi), watilembera kuti: "Ndili ndi chipu ya PDMS, kangalande kake ndi mamaikromita 100 m'lifupi ndi kuya komwe, masentimita 5 kutalika. Ndikalekanitsa fluorescein ndi magetsi, imafika pa detekita itamwazika. Ndinakweza volteji, zinthu zangoipiraipira. Ndikulakwitsa pati?"

PDMS ndi mtundu wa labala ya silikoni, ndipo fluorescein ndi utoto wowala. Musanakhudze volteji, werengerani kaye kumwazika kumene simungakupewe. Mamolekyu amadzifalikira okha, ndipo masamu ake ndi σ² = 2Dt, pamene σ ndi muyeso wa kumwazika, D ndi muyeso wa mmene mamolekyu amafalikira msanga, t ndi nthawi ya ulendo. D ya fluorescein m'madzi ili pafupi ndi 400 µm² pa sekondi. Ulendo wa masekondi 30 ukupatsani σ² ya 24,000, kutanthauza σ ya mamaikromita 155. Yezani yanu. Ikapitirira pamenepo kwambiri, pali china chimene chikuwonjezera.

Yambirani pamene sampulo ikulowera. Kachigawo ka sampulo kotalika w kamawonjezera w²/12 pa σ². Ka mamaikromita 100 kamangowonjezera 833, si kanthu. Koma sampulo ikamadontha pamphambano ya tingalande, pamene imalowera, mpaka kutalika milimita imodzi, mwawonjezera 83,000, kuposa katatu kufalikira kwachibadwa kuja. N'chifukwa chake gulu la Jacobson ndi Ramsey ku labotale ya Oak Ridge ku America, mu 1994, linkaipana sampulo pamphambano ndi magetsi ochokera mbali ziwiri. Mukayamba kulekanitsa, ikaninso volteji yokokera yotsalayo mmbuyo kuti isatsatire.

Ife tikukayikira kwambiri zitsime zanu, timaenje ta kumapeto kwa tingalande momwe mumathiramo madzi. Electroosmosis, kukokedwa kwa madzi ndi magetsi, imayendetsa madzi onse liwiro limodzi, pakati ndi m'mbali. Madzi okankhidwa ndi presha sachita choncho: apakati amathamanga, akukhoma amatsalira, sampulo n'kutambasuka. Wasayansi Taylor anazifotokoza mu 1953, Aris anawonjezera mu 1956. Madzi a m'chitsime chimodzi akangokwera milimita imodzi kuposa a m'chinzake, mwapanga presha ya mapasiko (pascal) pafupifupi 10, ndipo m'kangalande kanu ndi liwiro la mamaikromita 70 pa sekondi, lomwe simunalifune. Liwiroli limakula ndi sikweya ya kuya, ndiye a machipu agalasi akuya mamaikromita 20 sazimva kwenikweni. Inu muzimva. Thirani ndi pipeti voliyumu yofanana m'zitsime zonse, chipu ikhale pamalo osapendekeka, ndipo musaiwale kuti kadontho ka mamaikrolita 50 kamauma pansi pa nyali ya maikrosikopu. Kathovu ka mpweya m'ngalande nakonso kamasokoneza zonse.

Tsono za volteji. Kuikweza kumafupikitsa ulendo, zoona, koma kutentha kumakwera ndi sikweya yake, ndipo PDMS imasunga kutentha, yosatulutsa msanga ngati galasi. Pakati pamatentha kuposa kukhoma, kunanda kwa madzi (viscosity) kumatsika ndi pafupifupi 2 peresenti pa digiri iliyonse, ndiye mamolekyu apakati amatsogola. Jambulani girafu ya karenti ndi volteji. Pamene mzere wayamba kupindikira m'mwamba, mwapyola. Bwererani pansi pake kapena sungunulani bafa, madzi amchere osunga pH amene amadzaza kangalande. Borate wa 10 mM, pH 9.2, amakwanira pa fluorescein.

Yang'ananinso maonekedwe a chitunda chimene detekita imajambula pa sikirini. Chikakhala ngati chamakona atatu, mbali imodzi yotsetsereka ina yoimirira, sampulo yachuluka mchere kapena yalimba kuposa bafa. Isungunuleni m'bafa yemweyo wochepetsedwa mphamvu kakhumi. Mchira wautali wokhwekhwereza umasonyeza kuti zikumatirira kukhoma, khalidwe la PDMS ndi mapuloteni komanso utoto wosakonda madzi.

Simunanene ngati kangalande kali ndi kona. Ngati kali nayo, mamolekyu a m'kati mwa kona amayenda mtunda waufupi pamagetsi amphamvu, akunja n'kutsalira. Gulu la Mathies ku yunivesite ya Berkeley ku America linachepetsa vutoli mu 2000 popanga kangalande kopanikizika pokhotapo. Pa masentimita 5 simukusowa kona. Pa chipu yotsatira kokani mzere wowongoka, kuya kwake mutsitse kufika mamaikromita 30.